Pakhonde pa Azakhali: Bwana wa m'mitambo akufuna ndalama zanga za mpunga

Azakhali,

Ndine mtsikana wa ku Mtakataka, ndimachita geni ya mpunga ndi usipa. Bwenzi langa labwera kuchokera ku Lilongwe ndi nkhani yoti likutsegula kampani yosungira anthu zithunzi, mavidiyo ndi makalata pa intaneti, ati "m'mitambo". Akuti poyamba zikhala zaulere, azungu amulonjeza mamiliyoni, ndipo makina adzaika ku Golomoti poti kuli magetsi a dzuwa. Akufuna ndikakongole ku banki m'khonde kuti ndikhale ndi gawo. Wandiuzanso kuti ndifufute zithunzi za mufoni, azindisungira iyeyo. Ndimamukonda. Nditani?

Wozunguzika, Mtakataka

Iwe Wozunguzika,

Aa, ndiye watipezera mkamwini wa kumitambo! Ife m'masiku athu mnyamata ankalonjeza njinga ndi chitenje, lero akulonjeza thambo. Khala pansi, mwana wanga.

Mitambo imeneyo si mitambo ayi. Ndi nkhokwe ya mwini: nyumba yodzaza makompyuta ofuna magetsi usana ndi usiku, makina oziziritsa ndi alonda. Iwe kutentha kwa ku Golomoti mu Okutobala ukukudziwa. Magetsi a dzuwa alikodi kumeneko kuyambira 2022, mamegawati 20 ndi mabatire ake, koma amagulitsidwa ku ESCOM n'kulowa m'nthambo za dziko lonse. Sanaikire apongozi ako.

Ku San Diego, ku America, kunali kampani yotchedwa Nirvanix, yomwe inayamba mu 2007 ndi malonda omwewa. Anthu a mpamba monga Intel Capital ndi Khosla Ventures anathiramo ndalama zokwana pafupifupi madola 70 miliyoni, ndipo ngakhale IBM inagwirizana nayo. Koma pamsika panali Amazon, Google ndi Microsoft, omwe ankangotsitsa mitengo poti matumba awo ndi akuya. Mu Seputembala 2013 Nirvanix inauza makasitomala kuti achotse zinthu zawo m'masabata awiri okha, ndipo mu Okutobala inakanena kukhoti kuti yagwa. Inanso, Bitcasa, inabwera mu 2011 ikuti sungani mmene mungafunire pa madola 10 pamwezi. Mu 2014 inabweza lonjezolo, mu 2016 n'kutsekera anthu wamba.

Chimene chimawagwetsa ndi ichi: ndalama za anthu a mpamba si phindu, ndiponso si mphatso. Amagula gawo la kampani, akufuna ikule msangamsanga kuti adzagulitse gawolo mokwera. Ndiye kampani imaitana anthu ndi zaulere, aliyense wobwera akuwonjezera bilu ya magetsi ndi makina, olipira ali ochepa. Tsiku limene eni mpamba anena kuti sitiwonjezeranso, chitseko chimatsekedwa zithunzi zako za chinkhoswe zili m'kati. Tsono ngati a madola 70 miliyoni anagwa chagada, ngongole yako ya banki m'khonde idzaimika chiyani? Azunguwo akaluza amakwera ndege. Iwe amayi a gulu adzabwera kudzanyamula mapoto, ndipo akudziwa pamene umagona.

Mufunse mafunso atatu, uku ukumwetulira. Adzalipire ndani, ndipo zingati pamwezi? Pepala la azunguwo lili kuti, losainidwa? Kampani ikatseka, anthu adzatenga bwanji zinthu zawo, ndi netiweki yathuyi komanso mtengo wa bandulo? Akayamba kuyankha m'Chingerezi chambiri, dziwa kuti yankho palibe.

Zithunzi usafufute. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sunga mufoni, ika zina pa memori khadi kapena fulashi n'kukasiya kwa mayi ako, ndiye pa intaneti pakhale pachitatu. Mpamba wa mpunga usaukhudze. Umenewo ndiye kampani yokhayo m'nkhani yonseyi imene ili ndi makasitomala olipira.

Za chikondi sindikuletsa, mnyamata wolota ndi wabwino kuposa wongokhalira bawo. Koma muuze kuti iwe ndiwe bwenzi, si banki. Ngati akufunitsitsa kuti ukhale ndi gawo, atumize kaye ankhoswe kwa amalume ako. Azungu akewo akadzafika, undiitane, ndidzavale chitenje chatsopano.

Ndine,
Azakhali ako