Dzina lanu la pa intaneti likatha nthawi: ufulu wanu ndi njira yolibwezera

Kabuku kano ndi ka eni mabizinesi, masukulu, mipingo ndi mabungwe amene adzuka tsiku lina n'kupeza webusaiti yawo yazima, maimelo sakulowa, kapena patsamba pawo pali chikwangwani chakuti dzinali likugulitsidwa. Tatopa kuona anthu otere akubwezedwa ndi mawu akuti "basi lapita limenelo, lembetsani lina." Nthawi zambiri amene akuyankha chomwechi sanayang'ane n'komwe, ndipo dzinalo limakhala likadali lotheka kuliwombola.

Dzinali simunagule

Dzina la pa intaneti, lomwe ena amati domeni, lili ngati nyumba ya lendi: mumakhalamo pokhapokha mukulipira. Mungalipire chaka chimodzi kapena zingapo, koma osapitirira zaka 10 nthawi imodzi. Malamulo a maina othera ndi .com, .net ndi .org amaikidwa ndi bungwe la ICANN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles. Kaundula wa .com ndi .net amasungidwa ndi kampani ya Verisign, wa .org ndi Public Interest Registry. Inu simulankhula nawo amenewa. Mumadutsira kwa kampani yolembetsa maina, monga GoDaddy kapena Namecheap, ndipo ambiri kuno kwathu sadutsiranso kumeneko: amapereka ndalama kwa munthu amene anawapangira webusaiti, iye n'kukalembetsa. Mavuto ambiri amayambira pamenepa.

Alipo amene akulidikirira

Pali makampani amene ntchito yawo ndi kugwira maina amene eni ake sanalipire. DropCatch, SnapNames ndi NameJet ndi ena mwa iwo. Makompyuta awo amatumiza mapempho ambirimbiri pa mphindi yomwe dzina likumasulidwa, moti munthu wokhala ndi foni m'manja sangawapose. Akaligwira, ngati olifuna ali angapo, amaliika pa okushoni. Dzina lakale lili ndi mtengo chifukwa anthu amalidziwa kale, masamba ena amaloza kwa ilo, ndipo lili pamakalata, pamalisiti ndi pazikwangwani zanu. Choopsa kwambiri n'chakuti amene watenga dzinalo angathe kulandira maimelo amene anthu akutumizabe ku adiresi yanu yakale, kuphatikizapo a kubanki, a opereka thandizo, ndi mauthenga osinthira pasiwedi.

Malondawa si oletsedwa. Ndipo kuiwala kulipira si umbuli wa anthu a kumudzi: mu December 1999 kampani ya Microsoft inaiwala kulipira dzina la passport.com, anthu n'kulephera kulowa mu Hotmail, mpaka munthu wina wapadera anailipirira madola 35. Choncho musalole munthu akuchititseni manyazi kuti mukhale chete.

Masiku amene lamulo likukupatsani

Kuyambira pa 31 August 2013, lamulo la ICANN lotchedwa Expired Registration Recovery Policy limakakamiza kampani yolembetsa kukuchenjezani kawiri nthawi isanathe: patatsala pafupifupi mwezi, ndiponso patatsala pafupifupi sabata. Nthawi ikatha, iyenera kukutumizirani uthenga wina pasanadutse masiku 5. Mitengo yolipirira ndi yowombolera iyenera kulembedwa poyera pa webusaiti yawo.

Tsiku lomaliza likadutsa, kampaniyo ingathe kusunga dzinalo mpaka masiku 45. Mawu akuti "mpaka" muwagwire bwino, tibwereranso kwa iwo. Ikalifufuta, dzinalo limalowa m'masiku 30 owombolera, pamene palibe wina angalitenge kupatula inu, ngakhale mtengo wake umaposa kangapo wa pachaka. Kenaka pamabwera masiku 5 omaliza pamene palibe angalikhudze. Akatha amenewo, dzina limamasulidwa ndipo ogwira maina aja amalilimbirana.

Akakuuzani kuti lapita

Musatsutsane ndi amene wakuuzaniyo, musapsenso mtima. Tsegulani lookup.icann.org, tsamba laulere, n'kulembamo dzina lanu. Muona dzina la kampani yolembetsa, tsiku lotha, ndi mzere wonena mmene dzinalo lilili panopa. Mawu ake ndi a Chingerezi ndipo amalembedwa molumikiza. Mukaona autoRenewPeriod, mukadali m'masiku oyamba aja. Apa chenjerani: tsiku lotha lingaoneke ngati lasunthira chaka chamawa, inu n'kuganiza kuti wina walipira, pamene kaundula wangolisuntha podikirira ndalama. Mukaona redemptionPeriod, muli m'masiku 30 owombolera, ndipo amene akuti sizingatheke akunama kapena sakudziwa ntchito yake. Mukaona pendingDelete payokha, popanda redemptionPeriod, ndiye kuti nthawi yatha ndithu. Jambulani tsambali, tsiku likuoneka, ndipo musunge chithunzicho.

Tsopano funso lowawa: kodi dzinali linalembetsedwa m'dzina la yani? Ufulu wonse tatchulawu ndi wa amene walembedwa ngati mwini m'kaundula, osati amene anatulutsa ndalama. Timaona zinthu zomvetsa chisoni. Mlembi wa sukulu amabwera ndi kalisiti kolemba pamanja, kopindidwapindidwa, kongoti "website", kopanda dzina la domeni, kopanda dzina la kampani yolembetsa, kopanda tsiku lotha. Sukulu yakhala ikulipira chaka ndi chaka, koma m'kaundula muli dzina ndi imelo ya mnyamata amene anapanga webusaitiyo, amene pano anasamuka, foni sayankha. Machenjezo atatu aja anapita kwa iye. Pamaso pa malamulo a ICANN, sukuluyo siidziwika. Si chilungamo, ndipo anthu amene amalembetsa maina a makasitomala m'dzina lawo amadziwa bwino chimene akuchita: akufuna kuti musathe kuchoka popanda kuwapempha.

Zikakhala choncho, chitani zinthu ziwiri tsiku lomwelo. Choyamba, mulembereni munthuyo, osati kungomuimbira, kuti alipire kapena awombole dzinalo lero ndi kulisamutsira m'dzina lanu. Nkhani ya ndalama zimene akuti muli nazo ngongole muikambirane pambuyo, dzina litapulumuka. Chachiwiri, lemberani kampani yolembetsa imene mwaiona pa tsamba lija. Kampaniyo imayankhira zochita za ogulitsa amene ali pansi pake pa nkhani ya malamulo a ICANN, choncho ngati munthuyo ndi mmodzi wa iwo, isakubwezeni ndi mawu akuti "kalankhuleni ndi amene anakugulitsani" ngati ameneyo wasowa. Idzafuna umboni, ndipo mwina siingakupatseni dzinalo popanda chilolezo cha wolembedwayo kapena chigamulo cha khoti, koma kalata yanu idzakhala itasonyeza kuti munadandaula nthawi ikadalipo.

Tibwerere ku mawu aja akuti "mpaka masiku 45". Makampani ambiri olembetsa anaika m'mgwirizano umene munavomereza podina kabokosi, mwina osawerenga, kuti dzina likatha nthawi angathe kuligulitsa okha. Ndiye m'malo molifufuta kuti lilowe m'masiku 30 owombolera, amalitsatsa pa okushoni masiku 45 asanakwane n'kulisamutsira kwa wopambana. Dzina lotere silidutsa n'komwe m'nyengo yowombolera. Kampani yomwe munaikhulupirira kuti ikusungireni dzina ndi yomwe ikudya phindu la kuiwala kwanu, ndipo malamulo amalola. Ife tikuona kuti ndi mpata woipa m'malamulowa, koma ulipo. Choncho musamawerengere masiku 75 ngati anu. Fufuzani mgwirizano wa kampani yanu, muone tsiku limene imanena kuti ufulu wanu wolipira umatha, ndipo mulipire sabata yoyamba.

Kulipirako nakonso si kophweka. Malipiro ndi a madola, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja ku Malawi, khadi ya kubanki ingathe kukanidwa. Kampani ya kunja siidzakudikirani pa chifukwa chimenechi. Yesani khadi mwamsanga, ikakana pitani kubanki kapena pemphani wachibale wa ku Johannesburg kapena ku London alipire, koma alipire mu akaunti yanu. Asatsegule yake.

Ziphuphu ndi madobadoba

Palibe gawo lililonse la njirayi lofuna kangachepe. Mtengo wowombolera ndi wolembedwa, ndipo mumalipira ku kampani yolembetsa, n'kulandira lisiti la pa imelo lokhala ndi dzina la domeni. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mnzake "mkatimo" amene angatulutse dzina m'masiku 5 omaliza aja mukamupatsa ya fanta, ndi wakuba: ndi makompyuta a kaundula amene atseka, palibe kalaliki amene angatsegule. Wina akati mutumize ndalama pa nambala yake ya foni kuti "afulumizitse", funsani mtengo wolembedwa pa webusaiti ya kampaniyo, muyerekeze.

Chenjeraninso ndi maimelo ooneka ngati mabilu, ochokera ku kampani imene simunalembetseko, akuti dzina lanu likutha mawa. Ena amangofuna kukuberani, ena akufuna musamutsire dzina kwa iwo mosadziwa. Musadine chilichonse. Lowani nokha mu akaunti yanu muone. Koma imelo yochokera ku kampani yanu yeniyeni yopempha kuti mutsimikize adiresi musainyalanyaze, chifukwa mukapanda kuyankha m'masiku 15 dzina lingathe kuimitsidwa ngakhale munalipira.

Mapepala amatayika, ndipo amatayika nthawi imene akufunika. Sungani malisiti onse, satifiketi ya bizinesi kapena bungwe, maimelo onse ndi nambala ya dandaulo imene kampani yakupatsani. Zimene mwakambirana pafoni zilembeni mu imelo n'kuwatumizira tsiku lomwelo. Musapereke pepala lenileni kwa munthu, perekani kope.

Kukadandaula ku ICANN

Ngati kampani sinatumize machenjezo, ikukana kuwombola dzina limene lili m'masiku 30, kapena ikukana kukupatsani nambala yachinsinsi yosamutsira dzina, imene iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 5, lembani dandaulo pa webusaiti ya ICANN, ku nthambi ya Contractual Compliance. Ndi laulere. Dziwani kuti ICANN imakakamiza kampani kutsata malamulo koma siilanda dzina kwa wina n'kukupatsani, ndipo kudandaula sikuimitsa masiku. Ngati mungathe, lipirani kaye, dandaulo pambuyo.

Ngati wina walitenga kale

Kukhala mwini wakale pakokha sikukupatsani ufulu wolibwezeredwa. Njira imodzi imene ilipo ndi UDRP, ndondomeko ya mu 1999, ndipo milandu yambiri imapita ku bungwe la WIPO ku Geneva. Zonse zimachitika polemba, simupita kumeneko. Muyenera kutsimikiza zinthu zitatu pamodzi: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chanu cha malonda, kuti amene walitenga alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndiponso kuti analilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa, monga kufuna kukugulitsani inu mwini pa mtengo wokwera. Satifiketi ya chizindikiro yochokera kwa Registrar General kapena ku ARIPO ku Harare imathandiza kwambiri. Popanda iyo muyenera kusonyeza kuti anthu akhala akukudziwani ndi dzinalo pa malonda.

Mtengo wake ku WIPO ndi madola 1,500 ngati woweruza ali mmodzi, osawerengera loya, ndipo ndalamazi sizibwezedwa ngakhale mupambane. Kwa kampani yaikulu imeneyi ndi ndalama yochepa, koma kwa sukulu ya ku Ntcheu ndi khoma. Woimbidwa mlandu amapatsidwa masiku 20 oyankhira, ndipo mukapambana kampani yolembetsa imadikira masiku 10 a ntchito isanasamutse dzinalo. Ngati dzina lanu ndi mawu wamba amene aliyense angagwiritse ntchito, mlandu ndi wovuta. Pamenepo kugula kungakhale kotchipa kuposa kuzenga mlandu. Musalembe mopupuluma kuti "tili pamavuto, tilipira chilichonse," mtengo ukwera pomwepo. Uthenga wa amene walitengayo wotchula mtengo usungeni, ndi umboni. Ndalama idutse kwa mkhalapakati wodziwika monga Escrow.com, amene amaigwira mpaka dzina litafika kwa inu.

Maina a .mw, .zm ndi .za

Masiku ndi malamulo onse tatchulawa ndi a maina monga .com, .net ndi .org. Maina a mayiko ali ndi malamulo awoawo ndipo ICANN siilandira madandaulo a iwo. A .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, a .zm ndi ZICTA, a .za ndi ZADNA. Funsani kumeneko, molemba, kuti dzina likatha nthawi amalisunga masiku angati, ndipo akuyankheni molemba.

Kwa amene akufuna kuchita malondawa

Muli ndi ufulu wolembetsa dzina lililonse lomasulidwa n'kuligulitsa. Mumaika oda pasadakhale kwa kampani yogwira maina, ndipo ena amalipiritsa pokhapokha akaligwira. Ambiri mwa maina amenewa sapeza wogula, koma chaka chilichonse amafuna malipiro. Ndipo mukatenga dzina la kampani, la sukulu kapena la mpingo umene ukugwirabe ntchito n'cholinga choti eni ake akulipireni, mungathe kulandidwa kudzera mu UDRP osabwezeredwa kanthu. Ku United States lamulo la mu 1999 limalola khoti kulipiritsa munthu wotere madola 1,000 mpaka 100,000 pa dzina limodzi. Kuwerenga maimelo a eni akale ndi nkhani ina, yoipa kwambiri, ndipo sitikupatsani uphungu wina kuposa wakuti musayerekeze.

Dzina likabwerera

Lilembetseni m'dzina la bizinesi kapena bungwe, osati la wogwira ntchito kapena wopanga webusaiti. Anthu awiri adziwe pasiwedi. Imelo yolandirira machenjezo isakhale yothera ndi dzina lomwelo, chifukwa dzina likazima imeloyo imazimanso, machenjezo n'kusowa kofikira. Lipirani zaka zingapo nthawi imodzi ngati madola apezeka, ndipo tsiku lotha mulilembe m'buku la msonkhano wa komiti kuti asungichuma atsopano adzalipeze.