Matenda a maso pa ng'ombe ndi mbira

Ng'ombe ikayamba kukha misozi, kutsinzina ndi kuthawa kuwala kwa dzuwa, tisazengereze. Kawirikawiri matendawa amayamba ndi kacirombo kochedwa Moraxella bovis, kamene ntchentche zimanyamula kucoka pa diso lodwala kupita pa lamoyo. Fumbi ndi njere za udzu zikakanda diso, kacirombo kamalowa mosavuta. Tikacedwa, pakati pa diso pamayera ngati ng'ala, ndipo ng'ombe ikhoza kucita khungu.

Coyamba, tiipatule ndi kuimanga pamthunzi. Titsuke manthongo ndi madzi owiritsa amene azizira, ticotse ndowe m'khola kuti ntchentche zicepe, kenaka tiitane mlangizi wa ziweto. Iye ndiye adziwa muyeso wa mankhwala monga oxytetracycline. Fodya, tsabola kapena phulusa tisathire m'diso, pakuti zimangokulitsa cironda.

Mbira nazo zimadwala maso. Nthawi zambiri kaudzu kouma kamakhala katailasa, kapena khola ndi lauve. Tiyang'ane diso bwinobwino, tilitsuke, tisinthe udzu wogonapo, ndipo tizizipatsa masamba aawisi tsiku lililonse, cifukwa thupi la mbira silipanga vitamini C.

Koma mfundo yaikulu ndi iyi: mankhwala ociza ng'ombe akhoza kupha mbira. Penisilini amaononga tizirombo tothandiza m'matumbo mwake, ndipo imafa ndi kutsegula m'mimba. Mankhwala otsala m'botolo tisagawire ciweto cina popanda uphungu.

Funso lokambirana: kwanu, diso loyera la ng'ombe amalichula bwanji, nanga amaliciza motani?