Chiponde M'malo mwa Batala Pophika

Batala wa mkaka ndi majarini wa m'sitolo ali ndi mafuta pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Chiponde chili ndi magawo ngati 50 okha. Otsalawo ndi zomanga thupi ndi zina. N'chifukwa chake masikono ophikidwa ndi chiponde chokha amatuluka ouma ndi oyoyoka. Alangizi aziphunzitsa amayi kuthirako mafuta pang'ono a mpendadzuwa kapena a soya pokanda ufa.

Mtundu wa mtedza ulinso ndi mbali yake. CG7, umene unatulutsidwa m'Malawi mu 1990 ndipo ku Zambia umatchedwa MGV4, uli ndi mafuta ambiri kuposa Chalimbana, motero chiponde chake chimafewa msanga posinja.

Koma chodetsa nkhawa kwenikweni ndi chuku. Poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Mtedza wofwapa, wosweka ndi wowola uyenera kusankhidwa ndi kutayidwa usanalowe mu mtondo, pakuti ukasinjika palibenso angaulekanitse, ndipo amene amadya chiponde kwambiri ndi ana. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute poswa chilekeke, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimameretsa chuku.