Cikwi Cimodzi

Mau atsopano: cikwi, zana, ziro, gawa, cotsala

Werengani nkhani iyi.

Alimi a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amalima cimanga, nshawa ndi soya. Akakolola, amaika cimanga m'matumba. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50. Matumba awiri ndi makilogalamu 100. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000.

Nambala ya 1,000 dzina lake ndi cikwi cimodzi. Munthu akawerenga mpaka pa 999, nambala yotsatira ndi 1,000. Polemba 999 pali manambala atatu. Polemba 1,000 pali manambala anai: 1 ndi maziro atatu.

Mu cikwi muli mazana khumi. Ndalama za K100 zikakhala khumi, zimakwana K1,000. Mamita 1,000 ndi kilomita imodzi. Magalamu 1,000 ndi kilogalamu imodzi.

Cikwi cimagawika bwino. Ana awiri akagawana njere za nshawa 1,000, aliyense atenga 500. Palibe cotsala. Nambala iliyonse yothera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8 imagawika pawiri popanda cotsala. Ana anai atenga 250 aliyense. Ana asanu atenga 200 aliyense. Koma ana atatu atenga 333 aliyense, ndipo njere imodzi itsala. Cikwi sicigawika patatu.

Ziro ndi yofunika kwambiri. Tsiku lina ambuya ena a ku Sinda anagulitsa nshawa za K1,000. Wogula anali ndi anthu ambiri pa sikelo. Mofulumira analemba K100 pa pepala. Mdzukulu wao wa Giredi 3 anayang'ana pepalalo.

"Ambuya, taonani! Apa pasowa ziro imodzi," anatero mwanayo.

"Aa, ziro si kanthu iyo, mwana iwe," anayankha ambuya.

"Iyai, ambuya. Maziro awiri ndi zana cabe. Maziro atatu ndiye cikwi. Mukalandira K100, mutaya K900."

Ambuya anagwira pakamwa. "Mayo ine! Nchito ya caka conse! Wanena zoona, mdzukulu wanga. Mu 2013 boma linasintha ndalama. Linacotsa maziro atatu, K1,000 yakale inasanduka K1."

Mwanayo anagwada, napereka pepala kwa wogula. "Pepani atate, onaninso apa."

Wogula anawerenga maziro. Anapepesa, nalemba K1,000. Ambuya analandira ma K100 khumi. Anawerenga pamodzi ndi mdzukulu wao: 100, 200, 300, mpaka 1,000.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi 1,000 ili ndi maziro angati?
2. Ndi nambala iti imene imabwera 1,000 isanafike?
3. Mu cikwi muli mazana angati?
4. Ana atatu akagawana njere 1,000, zitsala zingati?
5. Ambuya akanataya ndalama zingati?
6. Kodi K1,000 yakale inasanduka ndalama zingati mu 2013?

Lembani nambala zimene zimagawika pawiri popanda cotsala.

996, 997, 998, 999, 1,000

Citani muli awiriawiri.

Tolani timiyala khumi. Kamwala kamodzi kakhale K100. Werengani mokweza mpaka mufike pa K1,000. Kenaka gawanani mofanana. Aliyense watenga ndalama zingati?