Phunziro 21: Kandulo ya M'chigoba cha Kokonati

TIWERENGE

Ife alimi usana wonse timakhala kumunda. Nthawi yogwira buku ndi pensulo ndi madzulo. Nanga mdima ukagwa tiwerenga bwanji? Palafini ndi wodula, mabatire amatha, ndipo nyale ya sola sikhuta moto masiku a mvula. Zilembo zimene taphunzira lero, tikapanda kuzibwereza kunyumba, mawa taziiwala. Tsono kuwala tingakupange tokha ndi zinthu ziwiri zimene timataya: phula la njuchi ndi chigoba cha kokonati.

Kokonati, amene pamsika timati koko, amalimidwa m'mbali mwa nyanja yamchere, makamaka ku Zambézia chakufupi ndi Quelimane, ndi ku Inhambane. Kuno ku Tete ndi ku Niassa amabwera ndi amalonda. Tikapala zam'kati n'kutendera ndiwo, chigoba timachiponya kudzala. Phula, limene ena amati sera, nalonso timalitaya tikatha kufinya uchi. Komatu njuchi zimadya uchi woposa makilogalamu 6 kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Kutaya zisa n'kutaya chuma.

KUYERETSA PHULA

Pofula njuchi titenge zisa za uchi zokha. Zisa za ana tizisiye mumng'oma kuti njuchi zisathe. Zisa zoyera zimapatsa phula lambiri. Zakale zakuda zimapatsa lochepa.

1. Titsuke zisa zofinya kale ndi madzi.
2. Tiziike mumphika wa madzi ambiri, titenthetse pa moto wochepa mpaka zisungunuke. Madzi asagaduke.
3. Tisefere m'ndowa ndi nsalu yoyera kapena thumba.
4. Tivundikire ndowayo, igone usiku wonse.

Phula ndi lopepuka kuposa madzi, choncho limayandama. M'mawa tidzapeza chimkate chachikasu pamwamba pa madzi. Tichotse litsiro la pansi pake ndi mpeni. Ntchito imeneyi tiigwire panja dzuwa litalowa, chifukwa masana fungo lake limaitana njuchi.

KUKONZA CHIGOBA

Kokonati ali ndi maso atatu mbali imodzi, ndipo diso limodzi ndi lofewa. Tikamuswa pakati, tisankhe theka lopanda maso. Tikafuna kugwiritsanso ntchito theka la masolo, timate mabowo ake ndi dongo, liume. Chigoba chong'aluka chimadontha, tichisiye.

Tipale zoyera zonse zam'kati, chifukwa zotsala zimachita nkhungu. Kunja timete ubweya wonse mpaka chigoba chisalale. Ubweya umenewu ndiwo umayamba kugwira moto. Kenaka tichiyanike padzuwa masiku awiri kapena atatu.

KUPOTA CHINGWE

Chingwe chikhale cha thonje. Ulusi wa nayiloni ayi, umangosungunuka n'kununkha. Tiluke zingwe zitatu pamodzi monga amayi amalukira tsitsi. Phula la njuchi limafuna chingwe chonenepa. Chikachepa, lawi limamira n'kuzima. Tichiviike m'phula losungunuka, tichiwongole, chiume. Chikauma chimaima chokha ngati kamtengo.

KUTHIRA

Phula lisakhale pamoto penipeni. Tiliike m'chitini choyera, chitinicho tichiike mumphika wa madzi otentha. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene madzi amawira pa madigiri 100. Ndiye kuti madzi otentha ndi okwanira, ndipo phula silipserera.

Tikhazike chigoba mumchenga kuti chisapendeke. Tidonthezere phula pang'ono pansi pake, timate nsonga ya chingwe pakatikati. Kumwamba chingwecho tichipane ndi timitengo tiwiri togoneka pakamwa pa chigoba. Tsopano tithire phula pang'onopang'ono, tisiye mpata wa chala chimodzi kumwamba.

Tisaigwedeze, ndiponso tisaiike m'madzi kuti izizire msanga, ingang'aluke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Igone mpaka mawa. Kenaka tidule chingwe, chitsale sentimita imodzi pamwamba. Basi, kandulo yathu yatha. Lawi lake ndi lowala, utsi wake ndi wochepa kuposa wa nyale ya palafini, ndipo imanunkhira uchi.

CHENJERANI NDI MOTO

Anzathu, apa timvetsetse bwino. Chigoba cha kokonati ndi nkhuni. Anthu amaotcha nacho makala. Lawi likachikhudza chimayaka, ndipo nyumba zathu zambiri ndi zaudzu.

Chingwe chikhale pakati nthawi zonse. Chikapendekera kumbali, tizimitse n'kuchiwongola.

Kandulo ikhale m'mbale ya mchenga kapena m'phale, kutali ndi denga, zovala ndi neti ya udzudzu.

Phula likatsala zala ziwiri pansi, tisayatsenso. Tithiremo lina ndi chingwe chatsopano.

Ana asatsale okha ndi kandulo yoyaka. Pogona kapena potuluka, tizimitse.

Phula likagwira moto m'chitini, tisathire madzi, moto umalumpha n'kumwazika. Tivundikire ndi chivundikiro kapena tithire mchenga wouma.

MAWU OTI TILEMBE

phula, chigoba, chingwe, thonje, njuchi, lawi, mchenga

pha phe phi pho phu
ngwa ngwe ngwi

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani timasankha theka lopanda maso?
2. N'chifukwa chiyani chitini cha phula timachiika m'madzi otentha?
3. Phula likagwira moto tichite chiyani?
4. Pamudzi pathu zisa timachita nazo chiyani tikatha kufinya uchi?

MASAMU

Tinene kuti kilogalamu imodzi ya phula yadzaza zigoba 4. Pa kalasi yathu tilipo anthu 20. Tifuna makilogalamu angati kuti aliyense akhale ndi kandulo yake?

NTCHITO YA PAMODZI

Mutu umodzi susenza denga. Amene ali ndi ming'oma asunge zisa. Amene apita kumsika atole zigoba. Amene alima thonje apote ulusi. Tikadzakumananso tidzapanga makandulo pamodzi, ndipo aliyense adzalemba dzina lake kunja kwa chigoba chake ndi dzanja lake.