Nyamakazi ndi Muzu wa Bwazi

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Mzuzu chafika pachimake, okalamba ambiri a ku Chiputula amadandaula za maondo, zala ndi chiuno. Ena amathamangira kwa ogulitsa zitsamba, atamva kuti mitengo ina inayesedwa kale ndi akatswiri. Mbali ina ya mawuwa ndi yoona, koma afunika kuwamvetsa bwino.

Mitengo ilidi ndi mankhwala. Aspirini, amene anapangidwa ku Germany mu 1897, chiyambi chake ndi khungwa la mtengo wa willow. Kwathu kuno muzu wa bwazi uli ndi mafuta onunkhira otchedwa methyl salicylate, a mtundu umodzi ndi aspirini.

Akatswiri amayesa chotere. Amabaya khoswe pa phazi ndi mankhwala otupitsa, namumwetsa madzi a muzuwo, kenaka n'kupima phazilo patapita maola angapo. Njirayi inayamba ku America mu 1962. Mu 2008, ku South Africa, anapeza kuti khungwa la muzu wa bwazi linachepetsa kutupa ndi ululu mwa makoswe ndi mbewa.

Komatu khoswe si munthu. Kutupa kwake n'kwa maola chabe, pamene nyamakazi ya munthu imakhala zaka, n'kumadya chichereŵechereŵe cha m'mfundo. Khoswe amapatsidwa muyeso wolingana ndi kulemera kwake. Wogulitsa zitsamba amangotapa ndi dzanja. Ndiponso muzu wa bwazi uli ndi ululu wakupha: ukachuluka umawononga m'mimba, ndipo anthu ena anafa nawo. Mayi wapakati, mwana, ndi munthu wodwala zilonda za m'mimba asauyese n'komwe.

Wodwala nyamakazi akumbukire izi:

1. Apite kuchipatala kuti akamuone mtundu wa nyamakazi yake, ndipo auze adokotala zitsamba zonse zimene wamwa.
2. Asaphatikize zitsamba ndi mapiritsi oletsa ululu popanda uphungu.
3. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse, azifunda bwino, ndi kuthowa mfundo ndi nsalu yofunda.
4. Mfundo ikatupa mwadzidzidzi, ikatentha, thupi n'kutenthanso, apite tsiku lomwelo.
5. Mwana akamva kuwawa m'mfundo atangodwala zilonda zapakhosi, afulumire naye, chifukwa nthendayi imawononga mtima.

Zovuta kwambiri azachipatala amazitumiza ku Mzuzu Central Hospital.