Malangizo: Mavalavu a Mthuthuthu Wakale

Omvera athu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, makamaka inu eni Honda CG125 yakale, tcherani khutu. Injini ikamalira "tiki-tiki" chapamwamba, mpata wa mavalavu wakula, kapena rocker yadyeka. Koma choopsa kwambiri ndi valavu yothina. Imeneyo simveka, imangopsa, njinga n'kumavuta kuliza ndi kufooka pachitunda.

Pimani mpata wa mavalavu injini itazizira, pisitoni ili pamwamba pa kompreshoni, chizindikiro cha T chitalunjika. Mpata ukhale 0.08mm pa feeler gauge, osati kuyerekeza ndi maso. Utsi wabuluu ukamatuluka poliza m'mawa, mwina ma guide kapena masilo a mavalavu atha. Pitani kwa makaniko.

Fumbi la m'misewu ya ku Vubwi limadya zitsulo. Chonde, tsukani fyuluta ya mpweya, musachedwetse kusintha oyilo.